Fyuluta ya Alamu Anga

Ndinayamba kuzionera pa kansalu kopukutira mamina. Mwana wanga wamng'ono, wamwamuna, anali atangoyamba kukwawa, ndipo tsiku limenelo atadzuka ku tulo ta masana ndinamupukuta mphuno monga ndinkachitira nthawi zonse. Kansalu kanatuluka kakuda. Sikunali kufiirira kwa fumbi la kwathu ku komboni ya George, lija limalowa ngakhale mu poto wovundikira ikafika nyengo ya mphepo. Kanali kakuda bii. Ndinakapinda, ndinapukutanso, chimodzimodzi. Ndinaitana mkulu wake, mtsikana, amene anali asanayambe sukulu, ndinamukweza chibwano n'kusuzumira m'mphuno mwake. Namonso munali mwaye.

Ine mbaula sindiilowetsa m'nyumba, ngakhale kuzizire bwanji. Ndiye mwayewu ukuchokera kuti? Ndinayang'ana kudenga, ndinayang'ana pansi pa bedi, ndinanunkhiza bulangeti. Kenako maso anga anagwera pa nsalu ya pawindo. M'munsi mwake munali mutada ngati yapukutira mafuwa. Nditaikankhira pambali ndinaona chimene ndinkachiona tsiku ndi tsiku osachiganizira: paipi yotulutsa utsi ya galimoto ya alamu anga, italoza kwa ife, pafupi moti ndikanatulutsa dzanja ndikanaigwira.

Tinkakhala pa puloti ya apongozi anga. Nyumba yaikulu inali yawo, ife tinapatsidwa chipinda chimodzi chakumbuyo, ndipo kuchokera pageti kufika pakhoma lathu panali kampata kotalika koma kopanikiza. Windo lathu linalibe galasi, zitsulo zokha ndi nsalu ija. Bedi linali pansi pa windolo chifukwa kunalibe kwina koliika.

Alamu amenewa ndi mng'ono wawo wa amuna anga. Anali asanakwatire, ankakonza ndi kugulitsa mafoni m'tauni, ndipo zinthu zitawayendera anagula kwa munthu wina galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yofupika ngati yagwada. Kunja sikanagona, akuba akanaizula magetsi ndi magalasi. Choncho ankailowetsa m'kampata muja chambuyo, mutu kugeti, matako pawindo langa. Poyamba sizinkandivuta. Ankailiza m'mawa n'kutuluka, madzulo n'kubwera n'kuizimitsa, basi.

Mavuto anabwera m'katoni. Inafika pa basi kuchokera kumalire, ndipo alamu anaitsegulira pakhonde, tonse titaunjikana ngati pabadwa mwana. Munali paipi yonyezimira, yonenepa ngati mwendo wa munthu wamkulu, mipira yakuda yolumikizira, timalamba tachitsulo, ndi chinthu china chofiira chooneka ngati kandowa, chopindapinda ngati siketi ya mwana wa sukulu.

"Iyi ni fyuluta, ba mulamu," anatero akuitembenuza m'manja. "Gwilani, koma mukasambe m'manja poyamba."

"Ni ya kusefela chibwantu?" ndinafunsa, kunena thobwa la kuno.

"Imwe! Mvelani. Motoka ili monga munthu, ifunika kupuma. Bamene banaipanga banaiika chibokosi pa mphuno, ipuma monga ili na chimfine. Nizachotsa chibokosi, niike iyi. Mphepo izangena yambili, mphamvu yambili. Muzaimvela mweka."

Anachotsadi chibokosi chakuda chija ndi chipaipi chake chakale, china anachita kudula ndi sowo chifukwa chinkakana. Anaika zonyezimira zija. Atailiza, nkhuku za aneba zinathawira m'chimbudzi. Inkabangula, ndipo akaponda inkayamba ndi kukoka mpweya, fyooo, ngati chimunthu chikumwa tiyi wotentha. Mwana wanga analira mpaka kutsamwa.

Koma china chake sichinakhale bwino. Injini sinkakhazikika. Inkakwera yokha, kutsika yokha, kutsokomola, kuzima, ndipo kumbuyo kunkatuluka utsi wakuda wonunkha petulo, woyabwa m'maso. Alamu anayamba kuweruka msanga. Ankabwera ndi anzawo awiri, kutsegula boneti, kutsamiritsa foni pa injini kuti azionera manja a mzungu wina akumanga zomwezo, ndiye kumasula, kumanga, kuliza, kumvetsera, kumasulanso. Iwo anali kumutu, kugeti, kumene kumapita mphepo. Kumbuyo kunali khoma lathu, ndipo utsi ukafika pamenepo unalibe kolowera kwina koma windo langa.

Tsiku la kansalu lija ndinatuluka nako m'manja kukawaonetsa.

Kwathu mlamu ndi munthu wosewera naye. Mng'ono wa mwamuna wako amakutchula mkazi wake, amatha kuvundukula poto wako n'kutola nthuli, iwe n'kumunyoza miyendo yoonda pamaso pa anthu, palibe mlandu. Chibwerere changa pa puloti paja ine ndi alamu tinkakhala choncho, ndipo ndinkawakonda, chifukwa pakhomo pa eni ake sapezeka ambiri oseka nawe. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzafuna kuwauza zenizeni, iwo n'kumamva nthabwala.

"Ba mulamu, utsi wa motoka yanu ungena mu nyumba. Onani vamene nachotsa mu mphuno ya mwana."

Anatulutsa mutu m'boneti, anayang'ana kansalu, anayang'ana anzawo.

"Mwamvela, ba mudala? Mukazi wanga ayamba jelasi. Nabweletsa wachibili, wofiila, manje wamukulu safuna."

Anzawo anaseka mpaka wina kugwetsa sipanala.

"Sinisewela, ba mulamu."

"Na ine sinisewela. Uyu sanipempha saladi yophikila, sanipempha malasha, amwa chabe petulo na kukhala zii." Anakodola mnzawo amene anali pa chiwongolero. "Ponda, mudala, amvele mwamene aimbila mukazi munzake."

Anaponda. Ndinathamangira m'nyumba kukatulutsa ana.

Amuna anga ndi omanga nyumba, ndipo nthawi imeneyo ankagona ku ntchito, kutali kuseri kwa tauni, kubwera kumapeto a sabata. Nditawauza anati, "Nizakamba naye." M'mawa mwake ndinawapeza nawonso mutu uli m'boneti, atagwirira paipi yonyezimira ija mng'ono wawo akumanga, nkhope ili ngwee ngati kamnyamata. Nditawakumbutsa anandiyankha motsitsa mawu, "Pano ni pa batate, amake mwana. Ufuna niyambane na mufana wanga pa nkhani ya utsi? Ikakhala bwino azaleka."

Ndinapita kwa apongozi aakazi, ndinagwada, ndinawafotokozera. Iwo salankhula za m'tauni, amalankhulabe za kumudzi.

"Ana a m'komboni amakula ndi utsi," anatero. "Uku akutentha matayala, uku zinyalala, onsewa amwalira? Mwana wanga ndiye woyamba kugula galimoto m'banja muno. Musamutsekere mwayi ndi pakamwa, mwamva?"

Kwa apongozi aamuna sindikanayesa n'komwe. Chikwatiwire sindinawayang'anepo kumaso. Tikakumana m'kampata ndimapatuka n'kugwada mpaka adutse. Ankakhala pakhonde lakutsogolo ndi wailesi yawo, kumene utsi sunkafika.

Ndiye ndinayamba kuchita zanga. Ndinatseka windo ndi katoni ndi thumba la ufa, koma kunali kutentha kwa mwezi wa Okutobala, m'nyumba munasanduka uvuni, mwana anatuluka timatuza m'khosi, ndipo utsi unkalowabe pa mpata wa pakati pa khoma ndi malata. Ndinachotsa. Ndinaphunzira kumvera. Ndikangomva kubangula kuja kukukhota ku msika, ndinkasiya chilichonse, mwana kumsana, mtsikana padzanja, n'kukakhala pa kantemba ka mayi wina wogulitsa tomato mpaka aizimitse. Ndiwo zinkapserera. Zovala zinkagona m'beseni. Ndinkadya khutu lili kunja, ndinkasamba khutu lili kunja. Mtsikana wanga anayamba kumati mutu ukuwawa, akuloza apa pachipumi ndi kachala, ndipo ine ndinkamuyang'ana m'maso nthawi ndi nthawi mpaka anayamba kundifunsa kuti walakwa chiyani.

Tsiku limene ndikufuna kunenali linali la pakati pa sabata. Madzi anali atasowa, zigubu zonse zili gwaa, matewera ali mulu. Chakumasana mayi wa tomato anakuwa kuseri kwa mpanda kuti ku kiyosiki ya madzi atsegula. Ana onse awiri anali atagona pabedi. Galimoto panalibe, alamu anatuluka nayo m'mawa ndipo nthawi imeneyo sankabwera. Apongozi aakazi anali pakhonde akusankha nyemba. Anati, "Pitani, ndili pano, akalira ndimva."

Mzere unali wautali, zigubu zachikasu kukhota mpaka kuseri kwa tchalitchi. Ndinaima, ndinasendeza, ndinaima. Azimayi ankakangana za wina amene anasungitsa malo ndi mwala. Mkati mwa phokoso lonselo, la zigubu, la ma basi, la chigayo, ndinamva fyooo. Patali, koma ndinaidziwa. Palibe galimoto ina m'George yonse imene inkakoka mpweya motero. Ndinamvetsera kuti mwina ikungodutsa. Sinkadutsa. Inkakwera, kutsika, kukwera, pamalo amodzi.

Zigubu ndinazisiya pomwepo. Sindikumbuka njira. Ndikukumbuka kuti patapata imodzi inaduka ndipo ndinaisiya, ndikukumbuka bambo wina wa wilibala akunditukwana, ndikukumbuka kuti ndinkati Yesu, Yesu, koma mawu osatuluka. Pageti ndinapeza boneti ili yasa, alamu ndi anzawo mitu pamodzi. Kaya bizinesi inali yozizira tsikulo, kaya chiyani, anabwera msanga. Apongozi anali atalowa m'nyumba mwawo kuthawa phokoso, n'kutseka chitseko. Ndinadzipanikiza pakati pa galimoto ndi khoma, chitsulo chotentha chinandiwotcha mwendo, ndinakankha chitseko chathu.

M'nyumba munali buu. Mtsikana anali pansi pafupi ndi chitseko, atasanza, akuyesa kudzuka koma miyendo ikukana. Sankalira. Anangondiyang'ana. Wamng'ono anali pabedi momwe ndinamusiyira, chagada, manja m'mwamba. Ndinamunyamula ndipo mutu unagwera kumbuyo ngati wa chidole cha nsanza. Ndinamutchula dzina, ndinamugwedeza, ndinamutsina pa ntchafu, mwana amene amalira ntchentche ikangomutera. Anangotsegula maso pang'ono n'kutsekanso.

Kukuwa kumene ndinakuwa kunazimitsa injini. Alamu anathamangira kumbuyo, anaona, nkhope inasintha.

"Ngenani mu motoka, ba mulamu, tiende ku kiliniki!"

"Musanigwile! Musagwile bana banga!"

Sindikanalowa m'chinthu chimenecho. Ndinathamanga wapansi, wamng'ono pachifuwa, ndikumuuzira kumaso, ndipo mayi wa tomato anatola mtsikana n'kumuponya kumsana n'kumanditsatira. Titafika ku msewu, kondakitala wa basi ina ataona mmene mwana analili anatsitsa anthu awiri pampando wakutsogolo, ndipo dalaivala sanaimenso pa siteji iliyonse. Mphepo ya pawindo la basi itamuwomba, mwana anakoka mpweya wautali n'kulira kamodzi, kaliwu kakang'ono ngati ka mphaka. Ndinamutsinanso kuti alirebe. Ndinamutsina njira yonse.

Ku kiliniki sanatiimike pa mzere. Anamuika kachigoba kumaso, kolumikiza ku chibotolo chachitali chachitsulo, mtsikana naye anamugoneka pambali. Nesi wina wachikulire anandifunsa akugwira mwana pa dzanja.

"Munangenetsa mbaula mu nyumba?"

"Iyayi, ba sisita."

"Jeneleta?"

"Motoka."

Anasiya zimene ankachita n'kundiyang'ana. "Motoka mu nyumba?"

"Pa windo."

"Amai, mvelani. Utsi uja mwana sumuwawa kuti alile. Agona chabe. Imwe muganiza ati mwana wanga agona bwino lelo. Mukachedwa, sauka. Musabwele nabo futi so, chifukwa siniziba ngati muzabwelela nabo."

Anatisunga mpaka m'mawa mwake. Anayeza malungo, sanawapeze. Ndinakhala pa benchi dzanja lili pa mimba ya mwana, kumvera ikukwera, ikutsika.

Titabwerera kunyumba alamu anabwera ndi nthochi ndi yogati. Anaima pakhomo osaseka, anati, "Pepani, ba mulamu, sininazibe ati bali mukati." Anati sadzailizanso m'kampata, azidzaikankhira kunja. Apongozi aakazi anauza aneba kuti ana anadwala malungo a mwadzidzidzi. Nditanena kuti anayeza osawapeza, anati makina a masiku ano amaphonya. Amuna anga anamva zonse pa foni, koma mwana atavala kachigoba sanamuone. Atabwera anapeza ana akusewera.

Kwa masiku angapo galimoto inangokhala, yosalira. Koma inali pomwepo. Ndikakankha nsalu ya pawindo m'mawa, paipi ija inali ikundiyang'ana. Ndipo kukankha galimoto kumafuna anthu, pomwe kuiliza kumangofuna kiyi. Tsiku lina m'mawa alamu anachedwa ku ntchito. Ndinamva chitseko cha galimoto, ndinamva kiyi, ndipo ndisanapeze chitenje utsi unali utalowa kale. "Pang'ono chabe, ba mulamu, nituluka!" Anatulukadi. Mawa lake pang'ono paja panatalika. Mtsikana wanga akangomva kiyi ankathamangira kuseri kwa chimbudzi atatseka mphuno ndi manja onse awiri.

Loweruka kunabwera kapaketi kena. Alamu anati apeza chimene chinkavuta, mpira wolumikizira unali waukulu, mpweya unkalowera pambali, ndiye lero aikonza zenizeni. Anzawo aja anafika. Amuna anga analipo. Anatsegula boneti, anayeza, anapeza kuti kalamba kachitsulo kamodzi n'kakafupi, ndipo onse anayi anatuluka wapansi kukafuna kena kwa ogulitsa zitsulo ku msika. Boneti anaisiya yasa.

Ndinaima pakhomo n'kumaiyang'ana. Ndinadziwa kuti akabwera ailiza mpaka dzuwa kulowa, ndipo ikakana ailizanso mawa, ndipo tsiku lina madzi adzasowanso. Ndinali nditawaonera kokwanira pa mpata wa mpanda. Ndinkadziwa kalamba kamene kamagwira fyuluta ndi mbali imene amapotokolera. Ndinkadziwanso china. Tsiku lina fyuluta ili pansi, mnzawo anafuna kuliza, alamu anamulumphira: "Usalize, iwe! Fumbi ikangena, injini yafa!" Ndipo fumbi kwathu silisowa.

Ndinatenga mpeni wosendera mbatata. Nsonga yake inalowa bwino pa mutu wa kabawuti. Mpeni unaterereka n'kundicheka chala, ndinayamwa magazi n'kupitiriza. Kalamba kanamasuka. Ndinagwedeza, ndinakoka, chinthu chija chinatuluka. Chinali chopepuka ngati dengu lopanda kanthu, chonata mafuta. Ndinachikulunga m'chitenje, ndinachilowetsa m'chikwama cha zovala zanga zamkati, ndinakankhira pansi pa bedi mpaka kukhoma. Kenako ndinakhala pa sitepe ya pakhomo, wamng'ono pa bere, mtsikana pakati pa miyendo, n'kumadikira.

Anabwera akuseka. Kuseka kunaduka.

"Fyuluta!" anakuwa alamu. "Bakawalala! Amai, mwaona munthu angena pano?"

Mlamu akabisa chinthu cha mlamu wake si kuba, ndi masewera, aliyense amadziwa. Ndinakweza mawu kuti amve onse, ndi apongozi aamuna omwe pakhonde pawo, ndipo ndinaseka. Sindikudziwa kumene kunachokera kusekako.

Ndinayang'ana alamu. "Si kawalala, bamuna banga. Ni ine. Namuvula siketi mukazi munzanga."

Anzawo aja anagwa nako kuseka. Mmodzi, wa Chibemba, anagwira mutu. "Mudala, chapwa, nkhani yatha! Ba mayo bakwiya!"

Alamu anadzipanikiza m'mbali mwa galimoto n'kufika pamene ndinali. Anayesa kumwetulira. "Mwawina, ba mulamu. Manje bweletsani."

"Nizabweletsa. Koma osati pano."

"Ba mulamu, sinisewela. Chija chintu chinachoka kutali."

"Ngati muchifuna ngenani mutenge." Ndinasendera pambali, kuwasiyira khomo. "Chili pansi pa bedi ya bakulu banu, mu chola cha vovala vanga vamukati. Ngenani."

Apongozi aakazi, amene anali atatuluka, anagwira pakamwa. Alamu anayang'ana khomo lija. Linali lotsegula, kansalu kokha kakugwedezeka. Phazi linasuntha n'kubwerera. Masewera onse amene timasewera, mng'ono safika pa bedi la mkulu wake, ndipo chikwama chimenecho sachigwira ngakhale atapenga. Anatembenukira kwa mkulu wawo.

"Bakamba, kanitengeleni."

Apa ndiye mantha anandigwira enieni, chifukwa amuna anga okha ndi amene akanatha kulowa. Ndinali ndisanaganize zimenezo. Anabwera pang'onopang'ono, anaima patsogolo panga, osandiyang'ana. Ndinasiya kuseka. Ndinalankhula pansipansi, kuti amve iwo okha.

"Atate bake, mukangena, nichoka na bana lelo lamene. Niyenda kwa bamalume ku Chaisa. Simuzanipitikitsa, nizayenda neka. Siniika mwana mu manda chifukwa cha paipi."

Mtsikana anali atawagwira buluku. Anamuyang'ana, anayang'ana wamng'ono, anayang'ana chala changa chimene chinkadonthabe. Anakanda m'mutu nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa mng'ono wawo n'kutambasula manja.

"Mufana, ivi ni va pa chilamu. Ine siningenamo. Kambilanani mweka."

Wa Chibemba uja anaombera m'manja. Apongozi aakazi anayamba, "Koma mwana wanga..." n'kuyang'ana kukhonde. Apongozi aamuna sanasunthe pamene anakhala. Wailesi yokha ndi imene inali itatsitsidwa.

"Manje mufuna chani?" anatero alamu. Mawu anali ouma.

"Ku mseu kuli yadi kwamene kugona ma basi, kuli na mulonda. Mukazi munzanga akagone kuja. Mukafika naye, nizamuvalika siketi na manja yanga."

"Nizaipeleka bwanji yosaliza?"

"Muli bamuna bangati apa?"

Anaikankha. Alamu pa chiwongolero chitseko chili chotsegula, enawo kumbuyo, amuna anga pakati. M'kanjira kathu muli maenje ndi miyala, galimoto yofupikayo inkakhula pansi, iwo n'kumainyamula matako akutukwana. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaonera. Ine ndinkabwera pambuyo, mwana kumsana, mtsikana padzanja, mtolo wa chitenje pamutu, ndipo sindinayandikire mpaka itawoloka ngalande n'kulowa pageti la yadi ija. Pamenepo ndinatula mtolo, ndinamasula, ndinawapatsa ndi manja awiri. Analandira osandiyang'ana. Sananditchule mkazi wawo, ndipo panapita nthawi yaitali asananditchulenso.

Pobwerera ndinkayenda msanga, chifukwa ndinadziwa kuti sizinathe. Mlonda adzawakwiyitsa, kapena mvula idzayamba, kapena adzangotopa kuyenda wapansi kuchokera ku msewu, ndipo tsiku lina ndili ku madzi adzapeza kampata kali mbee, geti lotsegula. Fyuluta sakanaisiyanso poti ndiifikire.

Ndinabwereka khasu kwa mayi wa tomato. Nthaka ya m'kampata inali yolimba ngati simenti, yonona mafuta a galimoto, khasu linkadumpha. Ndinapalira dothi lakuda lija n'kukataya, ndinakumba kuyambira pansi pa windo langa, khoma mpaka khoma, kungosiya kanjira ka phazi limodzi. Matuza anatuluka n'kuphulika. Amuna anga atabwera anaima n'kumandiyang'ana, kenako anandilanda khasu n'kumaliza mizere iwiri yotsala. Ndinapita nyumba ndi nyumba kupempha mphesi za kalembula, mbatata ya masamba ija timadya ngati ndiwo, ndipo ndinabwera nazo zodzaza chitenje. Ndinabzala mothinana. Ndinatuta miyala ikuluikulu ku ngalande, wina ndikuchita kugubuduza, n'kuika mzere kumbali ya geti.

Nditamaliza ndinasamba m'manja, ndinapita kwa apongozi aakazi, ndinagwada pakhomo pawo.

"Amayi, ndakubzalirani ndiwo kuseri uku. Ndi dimba lanu. Ine ndizingothirira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anadziwa chimene ndinkachita, nanenso ndinadziwa kuti adziwa. Koma ndiwo za m'tauni n'zogula, ndipo palibe mwana amene angapondetse matayala pa dimba la amayi ake. Anadzuka, anapita kukaona, anawerama n'kudzutsa kamphesi kamodzi kamene kanagwa.

"Mwabzala mothinana kwambiri," anatero. "Muzithirira m'mawa, dzuwa lisanakwere."

Sindinadikire m'mawa. Ndinasambitsa ana m'beseni pakhomo, wamng'ono poyamba, kenako mkulu wake, ndipo madzi omwewo ndinawanyamula n'kuthira mzere ndi mzere, kuyambira wa pansi pa windo.